Mphumi ya Patuka

Ambiri amene ankadziwa dzina lenileni la a Nyundo anatha kalekale kupita kumanda. Pafakitale yopanga mabodi a malole aliyense ankangoti a Nyundo, iwo n'kumayankha ndi mutu, chifukwa khutu lakumanzere linafa ndi phokoso la zitsulo ndipo lakumanja linkamva zokhazo zimene likufuna. Ntchito yawo inali kuwongola magalimoto. Galimoto ibwere itapindika ngati chitini chopondedwa, iwo ankaiyendera ndi chikhatho atatseka maso, kenako n'kutenga nyundo yaing'ono ndi chitsulo chogwirizira kuseri, n'kuyamba kugogoda. Pofika madzulo mwini galimoto ankafufuza pamene panali dzenje paja osapapeza. Anthu ankati manja amenewo ndi mdalitso. Eni ake ankadana nawo, ndipo chifukwa chake chinalipo.

Bambo awo anali makaniko, munthu wodziwa injini koma wosadziwa ana. Kuseri kwa chitseko ankapachikako lamba wakutha wa injini, ndipo lambayo ankatsika pa zifukwa zilizonse: sipanala ikasowa, kapu ikasweka, ngakhale mwana akangoyang'ana molakwika. Lamba wa injini sali ngati wa buluku. Ali ndi mano, amachoka ndi khungu. Chimene chinapulumutsa a Nyundo ndi achimwene awo, amene anali wamkulu ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Lamba akangotsika, achimwenewo ankagwetsa mng'ono wawo pansi n'kumugonera pamwamba, msana wawo n'kumalandira zonse. Sankalira. Ankangonong'oneza kuti, “Usasunthe mphwanga, atopa pompano.”

Atakula pang'ono achimwenewo anachoka pakhomo atagwira mng'ono wawo padzanja. Anayamba kugulitsa buledi panjinga, bokosi lalikulu kumbuyo, kuyenda khomo ndi khomo m'mawa uliwonse, ndipo mng'ono wawo anakamusiya pagalaja ina kuti aphunzire kuwongola. A Nyundo atayamba kudziimira paokha anagulira achimwene awo belu la njinga. Pa chivundikiro chake anakhomapo timadontho titatu, chizindikiro chimene ankaika pa chida chawo chilichonse kuti anzawo a zala zazitali asawabere. Belulo linkamveka kuyambira pakona, ndipo azimayi ankatuluka ndi mbale zawo wogulitsa asanaoneke.

Tsoka silinunkha. M'mawa wina, a Nyundo ali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, pagalaja panalowa pikapu yamphumi yaitali, yokhala ndi chitsulo chopingasa kutsogolo. Woyendetsa anatsika akutuluka thukuta ngakhale kunali kusanatenthe, nati wagunda mbuzi. A Nyundo anaika chikhatho pamphepete pa boneti. Dzenje linali lozungulira ngati mbale yaing'ono, ndipo linali m'mwamba, pofika pachifuwa pawo.

“Mbuzi yakeyo inali pamakwerero?” anatero a Nyundo.

Munthu uja anaseka kwambiri, kuposa mmene nthabwalayo inayenera, n'kuwapatsa paketi yonse ya fodya. Anati wamva kuti m'tauni monse mulibe wina wowongola osasupula penti. Mnyamata wa zaka zimenezo ukamutamanda wamupha. Chikhatho chinali chitawauza kale zoona, koma mutu unafuna kuonetsa luso. Pochotsa chitsulo chakutsogolo panagwa kanthu kozungulira, ndipo iwo anangokatola n'kukaponya m'thumba la ovolosi osakayang'ana, monga amachitira aliyense wapagalaja ndi tizitsulo ting'onoting'ono ngati kanati kapena kawasha. Dzuwa lisanafike pamutu dzenje linali litatha. Anaitsukanso galimotoyo ndi sopo, mwaulere.

Itakwana wani koloko anafika alamu awo, akazi a achimwene aja, opanda nsapato, kudzawatenga. Kuchipatala anakapeza zatha kale. Adokotala anati galimotoyo inamenya pachifuwa, kuwagwetsa chagada n'kuwadutsa pamwamba. Njinga inali kupolisi, itapindika pakati, ndipo belu lake linalibe chivundikiro. A Nyundo anapisa dzanja m'thumba. Timadontho titatu tija tinali pomwepo.

Apolisi anaipeza pikapu ija tsiku lachitatu. Wapolisi wamkulu anaisisita kutsogolo konse, anagwada, anaunika, koma sanapeze ngakhale kachipsera. Mwini wake anaima pambali manja m'thumba. Wapolisiyo anatembenukira a Nyundo nati, “Achimwene, galimoto yopanda dzenje ilibe mlandu. Ngati mukuti munawongola ndinu, ndiye tiyambe ndi inuyo.” Munthu uja anapita kwawo tsiku lomwelo. Alamu aja anaima pakhomo pawo n'kuuza a Nyundo kuti, “Galimoto inapha, koma anakwirira ndi manja anuwo.” Kuyambira pamenepo sanawapatsenso moni.

Patapita mlungu a Nyundo anamupeza munthuyo pothira mafuta, masana dzuwa likuswa mtengo. Anali ndi sipanala ya matayala. Anayamba ndi bondo kuti asathawe, kenako chibwano, kenako dzanja limene linawapatsa fodya lija. Anthu asanu ndi amene anawachotsapo, ndipo mmodzi mwa iwo anabwerera kwawo wopanda mano awiri. Munthuyo sanafe. A Nyundo anakagwira ndende zaka zinayi.

Kundende sikuwongola munthu. Anatulukako ndi mtima wapachala, ndipo amene anaulawa ndi amene analibe mlandu. Anathyola zitseko zitatu m'nyumba mwawo, anathyola ndi chala cha akazi awo. Tsiku lina kamwana kawo kakakazi kanataya tiyi patebulo, ndipo iwo anangozindikira atanyamula lamba m'mwamba, mkazi wawo atagonera mwanayo pamwamba. Mwana wa ng'ombe anaonera amake kudya udzu. Mayiyo anachoka mawa lake ndi mwana, ndipo anachita bwino. A Nyundo anatsala ndi nyumba ya zitseko zolendewera, chivundikiro cha belu, ndi lamulo limodzi limene sanaliswepo: dzenje lililonse, asanalikhudze ndi nyundo, ankafuna kumva chimene chinagundidwa ndi kuona kalata ya kupolisi. Wokana ankauzidwa kumene kuli geti.

Amene anawalemba ntchito ndi mwini fakitale ija, bwana wamkulu, amene naye anayamba ndi kuwotcherera mageti. Sanafunse za kundende. Anangowapatsa chitseko cha lole chopindika nati, “Tione.” A Nyundo anakhala pamenepo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri.

Ndiyeno kunabwera mwana. Bwana wamkulu anali atakalamba, shuga atamudya miyendo, ndipo mwana wake anabwerera kuchokera kusukulu zake ndi mapepala ambiri ndi tayi tsiku lililonse, ngakhale polowa mowotcherera. Antchito anamutcha Tayi, ndipo iye ankaganiza kuti palibe amene akudziwa kuti dzinalo analimva. Sanali chitsiru ayi. Ndi iye amene anaona kuti fakitaleyo ikhoza kusiya kupangira ena mabodi n'kutulutsa galimoto yakeyake, kapikapu kakang'ono ka ogulitsa m'misika, akalipentala ndi omanga. Injini ndi zapansi zonse adzagula kwina. Zawo zinali ziwiri basi, thupi ndi dzina.

Fakitaleyo inalibe makina opondera chitsulo a galimoto yoyamba, choncho zinkayenda chonchi. Mayi wojambula, amene ankamutcha a Pensulo chifukwa nthawi zonse inali itabayidwa m'tsitsi mwawo, ankajambula papepala. Kalipentala ankasema chikombole chamatabwa kuchokera pa chithunzicho. Kenako a Nyundo ankayala chitsulo pamwamba pake n'kuchikhoma ndi manja mpaka chitenge maonekedwe. Galimoto yoyamba ikavomerezedwa, zikombole zachitsulo zinkaitanitsidwa molingana ndi iyo, ndipo zikafika palibenso kusintha. Nkhope imene a Nyundo akanakhoma ndi imene ikanadzaza misewu kwa zaka makumi awiri.

Za dzina, Tayi anaika bokosi pakhomo la kantini kuti aliyense aponyemo maganizo ake. Anthu anasangalala nazo. Wina analemba Bulu, wina Nyerere, wina Sindilema. Wowotcherera wina analemba Apongozi, ati chifukwa idzanyamula katundu yense koma ikudandaula njira yonse. A Nyundo anakhala masiku atatu ndi kapepala m'thumba, kenako analemba ndi pensulo ya kalipentala liwu limodzi, Tifike.

Tsiku lotsegula bokosi anaitanidwa m'chipinda chojambulira, a Pensulo, kalipentala, a Nyundo ndi akapitawo awiri. Chipindacho chinali ndi tebulo lalikulu lopendekeka ndi fani yosazungulira. Patebulo panali zithunzi ziwiri. Cha a Pensulo chinali ndi mphuno yotsika, yotsetsereka, nyali zili pansi. Chinacho anachijambula a Pensulo omwewo atakakamizidwa ndi Tayi: mphumi yoimirira ngati khoma, boneti yokwera, ndi chitsulo chopingasa kutsogolo. Tayi anakhuthula bokosi n'kumawerenga mayina mmodzimmodzi ndi mawu a nthabwala.

“Tifike,” anawerenga. “Tifike kuti? Kumaliro? Ili ndi dzina la ambulansi.”

Akapitawo anaseka, chifukwa kapitawo amaseka bwana akaseka. Kenako Tayi anatsegula kabati n'kutulutsa zilembo zisanu ndi chimodzi zonyezimira, zoumbidwa kale, n'kuziyala pamwamba pa chithunzi chake: PATUKA. Bokosi lija linali longotseka anthu pakamwa.

“Dzinalo khalani nalo, bwana,” anatero a Nyundo. “Dzina silithyola nthiti. Koma mphumi iyi ayi.”

“Yakulakwirani chiyani madala?”

A Nyundo anaimirira n'kuika dzanja pabondo pawo. “Galimoto yamphuno yotsika imamenya apa. Munthu amathyoka mwendo, n'kugwera paboneti, galimoto n'kumunyamula. Amatsika akutukwana.” Anakweza dzanja kufika pachifuwa. “Iyi imamenya apa. Imamugwetsa kutsogolo n'kumukwera. Ndakhala ndikuwongola maenje a anthu zaka makumi atatu, bwana. Ndikangogwira ndimadziwa amene anapita kuchipatala ndi amene anapita kumanda.”

“N'zimene ndakhala ndikukuuzani,” anatero a Pensulo. “Komanso ndi boneti yokwera chonchi woyendetsa sangaone mwana ataima kutsogolo.”

“Amayi, inu ntchito yanu ndi kujambula,” anatero Tayi. “Madala, tamverani. Munthu sagula galimoto kuti azinyamula oyenda pansi paboneti. Kagalimoto aka n'kakang'ono. Kakaoneka kaulemu adzakaseka. Wogula akufuna akafika pamsika anthu azibalalika.”

Anatenga chithunzi cha a Pensulo n'kuching'amba pakati, kenako pakatinso. Zikanathera pamenepo, koma mwanayo anali ndi pakamwa. Anatola rula yachitsulo n'kubaya nayo a Nyundo pachifuwa, pamalo pomwe analoza paja.

“Komanso chifundo chimenechi mwachiphunzira kuti? Kundende? Si inu munaphwanya munthu chibwano ndi sipanala? Si inu mkazi anakuthawani?”

Tayi ndi chinthu chabwino kugwira. A Nyundo anachikulunga kamodzi padzanja n'kukoka, ndipo nkhope ya mwana wa bwana inakumana ndi tebulo pamwamba pa zilembo zake zomwe. Anakoka kachiwiri. Magazi anadontha pa T ndi pa U, dzino linagubuduka mpaka pansi pa kabati. Kalipentala anawagwira m'chiuno n'kulandira chigongono pamphuno. Alonda awiri analowa ndi zibonga, ndipo popeza alonda sapeza kawirikawiri mwayi womenya munthu bwana akuona, anamenya mowirikiza, pamsana, m'miyendo, pakhutu lakufa lija, mpaka a Pensulo anathira mlonda wina madzi a m'jagi kumaso.

Bwana wamkulu anabwera mawa lake, akuyenda ndi ndodo. Anawapeza a Nyundo atakhala pa tayala, diso litatupa.

“Mwandichititsa manyazi, a Nyundo. Mwana ameneyu ndinamupatsa mawu pamaso pa anthu, sindingamulande. Apolisi sindiitana, chifukwa cha zaka zathuzi. Mukhome mphumi imene akufuna, ndipo galimoto ikaonetsedwa muzitenga zida zanu.”

“Bwana, mungoyang'ana chithunzi chinacho.”

“Maso anga anatha,” anatero mkuluyo, n'kutembenuka.

A Nyundo anaikhoma mphumiyo. Akanakana, Tayi akanapeza wina wokhoma moipa, koma mphumi ikanakhala yomweyo. Anaikhoma milungu itatu ndi ukali woti anzawo ankadutsa patali, ndipo choipa n'chakuti inatuluka yokongola. Manja aja sankadziwa kugwira ntchito yoipa. Pa nthawi ya nkhomaliro ankapita kuseri kwa shedi ndi chithunzi cha a Pensulo, chomatidwa ndi tepi, n'kumakhoma mphuno yotsika ija pa zidutswa za matabwa zimene kalipentala, mphuno yake ili ndi pulasitala, ankawabweretsera. Itatha anaisenza kukaiika pakhomo pa ofesi. Tayi analamula kuti ikaponyedwe pamulu wa zitsulo zakutha.

Tsiku loonetsa linafika, Lachisanu m'mawa. Pabwalo la fakitale anakhoma tenti, anayala mipando ya ogulitsa magalimoto ndi akazi awo, anaitana ndi wojambula kanema. Tayi, dzino latsopano likuwala kuposa anzake, anali ndi nzeru imodzi imene ankainyadira kwambiri. Antchito onse, atavala ovolosi zochapa, adzaimirira pakati pa bwalo ngati gulu lapamsika. Iye adzatulukira pakona ndi galimoto akuliza hutala, wa pachimkuzamawu adzakuwa kuti “Patuka!” ndipo onse adzabalalika uku ndi uku, galimoto n'kudutsa pakati. Anayeserera kawiri Lachinayi. Anthu anathawa bwino, ena akuseka.

A Nyundo anaikidwa m'gululo chifukwa panalibe amene anakumbukira kuwachotsa. Bokosi lawo la zida linali kale pageti. Sanabwere ndi maganizo alionse, ndipo amene amati anakonzekera akunama. Anangoima ndi anzawo, dzanja m'thumba, zala zikuzunguza chivundikiro cha belu monga zinkachitira tsiku lililonse. Kenako galimoto inatulukira pakona, yofiira, ikubwera molunjika, ndipo kwa nthawi yoyamba anaiona nkhope ija kuchokera kumene amaionera munthu wapanjira. Analibe kuionapo chonchi. Iwo nthawi zonse ankakhala pambali pake ndi nyundo. Ichi n'chimene achimwene anaona, anaganiza choncho, ndipo nthawi ino ndachipanga ndekha kuyambira pachiyambi.

“Patuka!”

Gulu linang'ambika pakati. Iwo anatsala.

Tayi anawaona. Analiza hutala, akudziwa kuti mdalayo akungofuna kumuchititsa manyazi ndipo adumpha pomaliza. Munthu aliyense amadumpha. Analizanso. Pamene phazi lake linkafika pabuleki kunali kutachedwa ndi mikono itatu. Chitsulo chopingasa chinawamenya pachifuwa ndi phokoso ngati la thumba la simenti likagwa palole, mutu unagunda mphepete ya boneti, ndipo galimoto inachita ndendende zimene iwo ananena m'chipinda muja. Inawagwetsa chagada n'kuwakwera. Tayala lakutsogolo linaima pamkono wawo wamanja.

Kwa kanthawi kunangomveka injini. Kenako antchito anabwerera onse pamodzi, ndipo sanapite kwa wovulala ayi, anapita kwa woyendetsa. Anamukoka kudzera pawindo, jekete likung'ambika, n'kumugwetsa pasimenti. Zaka za kutukwanidwa zinatuluka m'mabuti. Wowotcherera uja anali atanyamula mpando wa alendo, alonda anali atabisala kuseri kwa tenti, akazi a ogulitsa magalimoto akulira n'kumagwerana. Dzino latsopano lija linatsatira lakale.

“Agalu inu!” anakuwa a Pensulo, akumenya anthu ndi nsapato yawo. “Munthu ali pansi pa galimoto! Mukamupha uyu ndiye tayala lichoka lokha? Nyamulani!”

Anamva. Amuna khumi ndi awiri anagwira bampala ndi m'mbali n'kuinyamula ndi manja, kalipentala n'kuwakoka a Nyundo m'mapewa. Anali akupuma ngati mvukuto wobowoka, thovu lofiira pakamwa. Dzanja lamanzere linali likadali m'thumba.

Bwana wamkulu anadzuka pampando wake osathandizidwa. Anadutsa mwana wake ali chigonere, n'kukaima patsogolo pa galimoto. Maso ake analidi atatha, koma anali wowotcherera wakale, ndipo anaika chikhatho pamphepete pa boneti. Dzenje linali lozungulira ngati mbale yaing'ono. Analiyendera ndi zala, kenako anayeza ndi ndodo kuchokera pansi, n'kuiika ndodoyo pathupi pake. Inafika pamtima.

“Unali pa liwiro lanji?” anafunsa osatembenuka.

“Makumi awiri okha, bambo,” anatero Tayi, akulavula magazi. “Ndikulumbira. Makumi awiri okha. Ndimayesa adumpha.”

“Makumi awiri okha,” anabwereza mkuluyo. “Mayi wojambula, mphuno yotsika ija inatayidwa kuti?”

A Nyundo anakhala m'chipatala miyezi iwiri, nthiti zisanu zothyoka, phapo lobowoka, mkono wodzaza misomali. Palibe chanzeru pa zimene anachitazo. Akanafa, Tayi akanakagwira ndende, fakitale ikanatsekedwa, ndipo mabanja makumi asanu ndi limodzi akanagona ndi njala chifukwa cha mdala wouma mutu. Amene anawauza zimenezi mosapsatira ndi alamu awo, amene anatulukira pakhomo la wodi Lamlungu lina, tsitsi lonse litayera, patatha zaka makumi atatu ndi chimodzi.

“Achimwene anu anakutchinjirizani ndi msana wawo kuti mudzaziponye pansi pa galimoto?” anatero. “Ndinu chitsiru, alamu. Munali chitsiru kale, mwangokalamba nacho.”

Atatero anakoka mpando n'kukhala, n'kuyamba kuwasendera lalanje.

Galimoto inatuluka chaka chotsatira ndi mphuno yotsika. Dzina linakhala lomwe lija, Patuka, chifukwa zilembo zinali zitaumbidwa zambiri ndipo bwana wamkulu anati mwana wake asalandidwe zonse. Anthu ankaseka kuti kagalimoto ka nkhope ya mwanawankhosa kali ndi dzina la chigawenga, koma ankagula. Mphumi yoyamba ija Tayi anafuna kuti iwongoledwe aziionetsa mu ofesi. Pafakitale yonse sipanapezeke munthu wodziwa kugwira nyundo tsiku limenelo, ndipo inapachikidwa pakhoma la shedi ndi dzenje lake.

Ntchito a Nyundo sanabwerereko. Dzanja lamanja silinkafumbatanso, ndipo munthu wosafumbata nyundo fakitale ilibe naye ntchito, ngakhale atamuombera m'manja chotani pomutsanzika. Anayamba kuwongola pakhomo pawo ndi lamanzere, pang'onopang'ono, chitsulo chogwirizira atachimangirira ku mkono wakufawo ndi chingwe. Ntchito ya theka la tsiku inkawatengera masiku atatu. Nthawi zina ankakhala pageti n'kumaona ma Patuka akudutsa, atasenza matabwa, makabichi, mabedi, osadziwa ngati nthiti zawo zinagula kanthu kapena ayi.

M'mawa wina, patapita zaka ziwiri, Patuka yoyera inaima pageti. Anatsika mayi wonenepa wogulitsa mazira, nkhope ili gwa. A Nyundo anaika chikhatho paboneti. Dzenje linali lalitali, losazama, loyambira pamphuno kukwera mpaka pafupi ndi galasi.

“Mwagunda chiyani, mayi?”

“Munthu, bambo. Wanjinga. Kalata yakupolisi ndi iyi.”

Sanaiyang'ane kalatayo. “Ali kuti?”

Chitseko chinacho chinatseguka ndipo kunatulukira ndodo ziwiri, kenako mwendo wa pulasitala, kenako bambo wamfupi wadazi amene anayamba kulankhula phazi lisanafike pansi.

“Ndiye mwafika poyamba ndi galimoto yanu eti? Nanga njinga yanga? Madala, musaikhudze galimoto ya mfiti imeneyi musanaone njinga yanga kumbuyoko! Munthu woyendetsa ngati akuthamangitsidwa ndi njuchi! Ndinauluka ine, ndinagona pabonetipo ngati mbuzi yapamsika, mayi ameneyu akungondiyang'ana pagalasi! Laisensi munaitola kuti inu?”

“Mwayambanso,” anatero mayiyo. “Milungu itatu, bambo, akungonditukwana. Kuchipatala ndimapita ndi chakudya, amadya, akamaliza n'kuyambiranso.”

A Nyundo anagwira mphepete ya galimoto. Anafuna kuseka koma nthiti zinakana, ndipo chimene chinatuluka ndi misozi, yambiri, pamaso pa alendo. Awiri aja anasiya kukangana n'kuyang'anana.

“Madala, kwagwanji?” anafunsa wanjingayo. “Ndalankhula moipa?”

“Ayi,” anatero a Nyundo, akupukuta ndi mkono wa ovolosi. “Pitirizani, achimwene. Tukwanani ndithu, koma muimire mbali iyi, khutu linalo silimva.”

Anazungulira kumbuyo n'kutsitsa njinga ndi dzanja limodzi. Foloko inali itapindika, tayala lakutsogolo lili ngati nambala eyiti, ndipo belu linali litasweka. Anaigoneka pansi pamthunzi n'kukatenga nyundo. Galimoto inadikira mpaka Lolemba.